Za Gitala ya Magetsi Yakale: Magulidwe Ache ndi Maimbidwe Ache



Mwezi uno tifuna kukamba nanu za chinthu chimene chalowa m'nyumba zingapo, ndipo m'nyumba zina chalowa pamodzi ndi mkangano. Mabasi ochokera ku Joni, amene adzera ku Tete nalowa m'dziko muno pa chipata cha Dedza, anyamula mabulangete, njinga ndi mapoto. Koma nthawi zina pakati pa katunduyo pamakhala gitala ya magetsi imene idapita kale m'manja ambiri. Mwini wache akasowa ndalama aitsatsa, ndipo mnyamata amene wangogulitsa kachewere wache pamseu akaiona, mtima wache sukhalanso m'malo. Ndalama zomwezo ndizo zimene amai ache adaziwerengera fetereza, kapena sukulu ya mlongo wache. Chifukwa chache nkwabwino kuti banja lonse, akuru ndi ana omwe, lidziwe kuti chinthuchi nchiani, mtengo wache weniweni uli pati, ndi ngozi imene ibisala m'menemo.

Kumene idachokera

Gitala wamba, ya bokosi la matabwa, mau ache ndi ochepa. Pa gule wa anthu ambiri, pamene malipenga ndi ng'oma ziri nkulira, woimba gitala amaoneka ngati angogwedeza dzanja. Ichi ndicho chidasautsa oimba a ku America. M'zaka za 1931 ndi 1932, ku Los Angeles, George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker adapanga gitala yoyamba ya magetsi yogulitsa. Inali ya thupi laling'ono lozungulira ndi khosi lalitali, kotero kuti anthu adaicha chiwaya. Woimba amaigoneka pamiyendo nakhwekhwereza kachitsulo pa nsambo zache, monga achitira a ku Hawaii. Mu 1936 kampani ya Gibson idaturutsa gitala yochedwa ES-150, ndipo mnyamata wina wakuda, Charlie Christian, adaonetsa nayo kuti gitala ikhoza kutsogolera nyimbo monga lichitira lipenga.

Pambuyo pache padadza Leo Fender wa ku Fullerton, m'dziko la California. Iye anali wokonza mawailesi, ndipo sanali woimba gitala konse. Adaganiza zopanga gitala ya thabwa lathunthu, lopanda mphako, ndi khosi lomangirira ndi misomali yopota, kuti likaonongeka munthu alichotse naikepo lina. Gitala imeneyo idaturuka mu 1950, ndipo kuyambira 1951 idachedwa Telecaster. Gibson adayankha mu 1952 ndi gitala yochedwa Les Paul, ndipo Fender adaonjeza Stratocaster mu 1954. Maonekedwe a magitala atatuwa ndiwo amene mafakitale ambiri a m'maiko ena akhala akutsanzira kufikira lero.

Umo aturukira mau ache

Tamverani bwino apa, pakuti wodziwa ichi sanamizidwa msanga. Pansi pa nsambo pali tizitsulo timene amati pickup, ndipo ife tingati ndiwo makutu a gitala. M'kati mwa khutu liri lonse muli maginito, ndipo mozungulira maginitowo adakulunga waya wa mkuwa wowonda ngati tsitsi, kuzungulira nthawi zikwi zingapo. Nsambo ya chitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, mu wayamo mubadwa timagetsi tating'ono tonjenjemera mofanana ndi nsamboyo. Timagetsito tiyenda m'chingwe kufika ku bokosi lochedwa ampulifaya, limene litikuza nilitumiza ku sipika, ndipo pamenepo makutu athu amva nyimbo.

Pa ichi tiphunzirapo zinthu zitatu. Choyamba, nsambo ziyenera kukhala za chitsulo. Mukaika za nailoni, maginito sazimva. Chachiwiri, gitala yokha siisowa magetsi a pakhoma. Chimene chidya magetsi ndi ampulifaya. Chachitatu, gitala ya magetsi yopanda ampulifaya ingonong'ona, osamveka ngakhale kuseri kwa nkhokwe. Wogula gitala yokha wagula khasu lopanda mpini, ndipo adzabwereranso kwa makolo ache kukapempha ndalama zina.

Umo idafikira kwathu

Makolo athu sadali alendo pa zoimbira za nsambo: anali ndi bangwe, kaligo, zeze ndi mkangala. Gitala ndi banjo zidadza makamaka ndi anthu a paulendo, ndiwo amuna opita ku migodi ya Joni ndi ku mapulazi a ku Halale, ndi asilikari a King's African Rifles amene adabwerera itatha nkhondo mu 1945. Mu 1949 idafika wailesi yotsika mtengo yonga poto, yochedwa Saucepan Special, ya mapaundi 5, ndipo anthu adayamba kumva nyimbo zochokera ku nyumba ya wailesi ya ku Lusaka, kumene Alick Nkhata amagwira nchito naimba gitala. Madzi a Napolo atasefukira ku Zomba mu 1946, anyamata a kwa Paseli adapeka nyimbo yache, nimveka ponseponse. Ndiche Mwarare adachuka ndi maimbidwe okhwekhwereza aja, amene kuno adachedwa hauyani. Mzungu wina, Hugh Tracey, adayenda m'dziko muno ndi makina ojambulira mau, ndipo zimene adajambula zisungidwa ku Rhodes University ku South Africa.

Magitala onsewa anali a bokosi. Ya magetsi idayamba kumveka kwambiri kuchokera ku Congo, kumene Franco Luambo ndi anzache adayamba gulu la OK Jazz mu 1956, ndiponso kuchokera ku Joni. M'dziko muno idakhazikika poyamba m'mizinda, m'mahotela ndi m'mabandi a wailesi ndi a boma, pakuti zida zache zinali zodula ndipo magetsi anali m'tauni mokha. M'zaka za m'ma 1970 anthu adadziwa MBC Band ndi Kalimba. Anyamata a kumudzi, posowa ndalama, amasema magitala ao ndi zigubu za mafuta ndi mawaya a njinga, ndipo mabandi otere, monga la Allan Namoko wa ku Thyolo, adafika nao pa wailesi. Njira ya ku migodi idatsekeka mu 1974, pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown nipha amuna 74 a dziko lino, ndipo boma lidaletsa kulemba anthu.

Ku Balaka, mu 1978, anyamata a pa parishi otsogozedwa ndi Paul Banda adayamba Alleluya Band mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici. M'gulu limenelo mudaturuka oimba ambiri, mmodzi wa iwo Lucius Banda, amene adamwalira mu 2024. Ndipo maimbidwe a ku Balaka adafalikira m'dziko lonse. Kunja nako ana a mtundu wathu adadziwika ndi zida za magetsi: ku Zimbabwe Alick Macheso, wobadwa mu 1968 kwa atate ochokera kuno, adachuka ndi gitala ya besi, ndipo nyimbo zache zina adaziimba m'chinenero chathu.

Kodi chakale chiri chonse nchamtengo wapatali?

Iai, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri ataya chuma chao. Wotsatsa adzati gitala yache njakale, ya ku America, ndipo Azungu aifuna ndi ndalama zambiri. M'mau amenewa muli choona pang'ono. Stratocaster yatsopano mu 1954 inali ya madola 249 ndi theka. Lero yoona ya zaka zimenezo igulidwa ndi madola zikwi makumi angapo. Okonda zakale afuna koposa za Fender zopangidwa chisanafike chaka cha 1965, pamene kampaniyo idagulitsidwa kwa CBS, ndi za Les Paul za 1958 kufikira 1960. Mu 2019 ku New York, Stratocaster yakuda ya David Gilmour idagulidwa ndi madola 3,975,000, chifukwa cha dzina la mwini wache.

Koma magitala otere ngosowa, ndipo eni ache awadziwa bwino. Akale ambiri amene afika m'misika yathu adapangidwa ku Japan, ku Korea kapena ku China. A ku Japan a zaka za m'ma 1960 ndi 1970, monga Teisco, Guyatone, Ibanez ndi Yamaha, ena a iwo ngabwino ndithu poimba, koma mtengo wao suyandikira konse wa aja a ku America. Palinso achinyengo amene amata dzina la Fender kapena Gibson pa mutu wa gitala wamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo lathu likhale ili: lipirani mau ndi ukhondo wa chida, monga mwaziona ndi kuzimva inu eni, dzina lolembedwa pamutu musalilipire, pokhapokha munthu wodziwa, wosakhala bwenzi la wotsatsa, ataona nambala ya fakitale ndi zam'kati mwache.

Ndipo tiri ndi mau kwa mabanja amene ali ndi gitala yosiyidwa ndi agogo kapena malume amene adakhala zaka ku Joni kapena ku Halale. Musaipale, musaipake utoto watsopano, musachotse zitsulo zache zakale, pakuti chida chakale chikasinthidwa mtengo wache utsika kwambiri. Musaigulitse kwa munthu woyamba wodutsa pamseu. Chuma cha malemu chiri ndi eni ache. Mwini mbumba, amai a m'nyumbamo ndi ana akambirane poyera, kuti gitala ingadanitse abale.

Zoyenera kuona pogula

Safunsa adadya phula. Pitani ndi munthu woimba kale, pitani masana, ndipo pitani kumene kuli magetsi kuti muiyese ndi ampulifaya. Wotsatsa akakana kuti muiyese, tsazikani mwaulemu nimubwerere kwanu.

Yambani ndi khosi, pakuti ndilo msana wa gitala. Ikani diso ku mutu wache nimuyang'ane kutsika, monga achita mmisiri poyesa thabwa. Khosi lopindika pang'ono ngati uta likhoza kuongoka, chifukwa m'kati mwache muli ndodo ya chitsulo yokungira. Koma lopotoka ngati chingwe ndi lakufa. Onani kuseri kwa mutu ngati padathyoka namatidwa, makamaka pa magitala a mtundu wa Gibson, amene athyoka kawirikawiri pamenepo.

Kenaka onani timizere ta chitsulo topingasa pakhosi, timene tikhala 21 kapena 22 pa magitala ambiri akale. Tikadyeka nitikhala ndi maenje pansi pa nsambo, mau adzasasa, ndipo kusintha timizereto ndi nchito ya mmisiri weniweni, wosapezeka pafupi. Dinikizani nsambo iri yonse pa mzere uli wonse, kuyambira kumutu kufikira kuthupi, nimumve ngati pena palira ngati nchenche. Pa mzere wa 12, mpata wa pakati pa nsambo ndi chitsulo ukhale ngati mamilimita 2; ukakula kuposa apo, zala za wophunzira zidzatupa ndipo adzagwa ulesi. Mzere wa 12 womwewo ndiwo pakati penipeni pa nsambo: mau a pamenepo ayenera kufanana ndi a nsambo yosadinikiza, koma okwera, monga do wapamwamba afanana ndi do wapansi. Akasiyana kwambiri, gitalayo siidzagwirizana ndi zida zina kufikira itakonzedwa.

Tsopano lumikizani ku ampulifaya. Gogodani pang'ono khutu liri lonse ndi kachitsulo. Lamoyo liyankha kuti go, lakufa likhala chete. Potozani timabatani tonse. Tikamapalasa ngati nkhuku, kawirikawiri ndi pfumbi kapena dzimbiri, ndipo ichi ndi chaching'ono. Kung'ung'uza pang'ono ndiko chibadwa cha makutu a waya mmodzi. Kuti kuthe, Seth Lover wa ku Gibson adapanga khutu la mawaya awiri lochedwa humbucker, limene lidayamba kuikidwa pa Les Paul mu 1957. Koma kung'ung'uza kwakukuru kosaleka ngakhale mutagwira nsambo kusonyeza kuti waya wina waduka m'kati. Onaninso zokungira nsambo za kumutu: mukachuna, muimbe kanthawi, nimuone ngati mau atsika okha.

Chotsiriza nchachikuru koposa: funsani kumene idachokera. Zida zoimbira zibedwa kawirikawiri m'machalichi, m'masukulu ndi kwa eni mabandi, ndipo wolandira chakuba ali ndi mlandu pamaso pa lamulo. Mtengo ukatsika modabwitsa, chenjerani. Wogulitsa alembe kalata ya dzina lache, mtengo ndi nambala ya gitala, pamaso pa mboni ziwiri kapena pa a nyakwawa.

Ngozi ya magetsi

Apa tipempha atate ndi amai awerenge kawiri. Magetsi a m'dziko muno ndi a mavolti 230, pamene a ku America ndi a 120. Ampulifaya yopangidwira ku America mukailumikiza pakhoma popanda chotsitsa mphamvu, idzapsa nthawi yomweyo. Ampulifaya zakale, za mababu a galasi m'kati, ziri ndi mavolti oposa 300, ndipo mphamvuyo itsalira m'menemo ngakhale mutazula pulagi. Mwana asatsegule bokosi lotere, ngakhale munthu wosaphunzira nchitoyo. Zambiri zakale ziribenso waya wachitatu wopita kunthaka. Popeza nsambo za gitala zilumikizana ndi zitsulo za ampulifaya kudzera m'chingwe, china chikalakwika m'bokosimo magetsi afika ku zala za woimba.

Izi zidachitikadi. Mu 1972 Leslie Harvey adafa pamaso pa anthu ku Swansea, atagwira maikolofoni yopanda waya wa kunthaka. Mu 1976 Keith Relf adafa m'nyumba mwache ku London ali nkuimba gitala ya magetsi. Ngati zidatero m'maiko a amisiri ambiri, nanga kwathu kuno, kumene nyumba zina ziri ndi pansi pa dothi lonyowa ndi mawaya olumikiza ndi mapepala a shuga? Chifukwa chache munthu asaimbe wopanda nsapato pa simenti kapena pa dothi lachinyontho, asaimbe panja mvula ikugwa, asasomeke mawaya opanda pulagi pakhoma ndi timitengo. Milomo ikamva kuluma pa maikolofoni, kapena zala pa nsambo, zimitsani zonse msanga nimuitane wodziwa za magetsi. M'midzi yosafika magetsi a ESCOM, ampulifaya yaing'ono yoyendera batire, yodzaza ndi sola, ikwanira pa kuphunzira ndipo iribe ngozi yotere.

Kusunga chida kuno kumapiri

Phiri lathu la Dedza lifika mamita 2,198, ndipo tonse tidziwa nkhungu ndi chisanu cha Juni ndi Julai, ndi chinyontho cha miyezi ya dzinja. Thabwa limwa chinyezi nilitupa, pa chirimwe liuma nilifota. Ndicho chifukwa khosi limene linali loongoka mu Okutobala lipezeka litapindika mu Febuluwale. Musaitsamize pakhoma lachinyontho, musaiyike pansi pamene chiswe chifika, musaipachike m'khichini momwe muli utsi, ndipo musaiwambe pamoto kapena padzuwa poti iume. Mukatha kuimba pukutani nsambo ndi kansaru kouma, pakuti thukuta ndilo libala dzimbiri, nimuibweze m'bokosi lache. Ndodo ya m'khosi ija musaipotoze mwamphamvu. Ikathyoka, gitala yatha. Ampulifaya ikagona m'malo ozizira, ikhale kanthawi m'chipinda chouma musanaiyatse.

Za kuimba

Nsambo zisanu ndi imodzi zichunidwa motere, kuyambira yaikuru: E, A, D, G, B, E, amene adaphunzira nyimbo ku sukulu za misyoni anganene kuti mi, la, re, so, ti, mi. Wophunzira ayambe ndi mau otsika, pakuti ampulifaya ikuza zolakwa pamodzi ndi zokoma. Gitala ya magetsi ifuna dzanja lofewa. Nsambo zache nzopepuka, ndipo wozolowera kukwapula gitala ya bokosi ayenera kuphunzira kudekha, ndi kutontholetsa ndi chikhato nsambo zimene sakuziimba. Theka la ora tsiku liri lonse lipindula koposa tsiku lathunthu kamodzi pamwezi; tsokonombwe adatha mtunda ndi kulumpha. Phunzirani poyamba kusunga nthawi, monga woomba ng'oma ya mbalule amvera anzache, ndipo zokometsera zidzabwera pambuyo.

Kumbukirani Daniel Kachamba wa ku Singano, kufupi ndi Chileka, amene adabadwa mu 1947 namwalira mu 1987. Iye amaimba gitala wamba ya bokosi, kawirikawiri ya nsambo zisanu zokha, ndipo omvera amayesa kuti aimba anthu awiri kapena atatu. Gerhard Kubik wa ku Vienna adakomana naye pamodzi ndi mng'ono wache Donald ku Blantyre mu 1967, ndipo pambuyo pache nyimbo zao zidamveka ku Ulaya ndi kwina kutali. Luso la munthu ameneyu lidakula pa chida chotsika mtengo, ndipo mnyamata amene sanathe kuimba nyimbo zitatu pa gitala ya bokosi kapena ya chigubu ayambe wadikira.

Mau otsiriza kwa banja

Inu anyamata ndi asungwana, musagule mobisa. Werengani mtengo wonse: gitala, ampulifaya, chingwe, nsambo zatsopano, ndi ulendo wa ku Lilongwe kukafuna wokonza. Ndalama zimenezi zichokere pa zotsala, nkhokwe itadzala, fetereza atagulidwa, ana a sukulu atalipiridwa. Zisachokere pa katapira kapena pa kupinyolitsa munda. Ngati muli anai kapena asanu a mtima umodzi, sonkhani pamodzi nimulembe pangano la wosunga chida ndi wolipira chikaonongeka, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo mukayamba kuimba, kumbukirani odwala, makanda ndi nkhalamba za m'mudzi. Pa maliro a mnansi ampulifaya ikhale chete.

Inu atate ndi amai, musafulumire kunena kuti woimba gitala ali yense ndi chidakwa kapena mlesi. Ena adaonongekadi m'mabwalo a mowa, koma ena adalera mabanja ndi zala zao, naimba pa maukwati ndi m'makwaya, nakometsa dzina la mudzi wao. Mwana akaonetsa luso, khalani naye pansi, mumve zimene aimba, mupangane za nthawi ya kumunda ndi nthawi ya nyimbo, ndipo tsiku logula mupite naye inu nomwe kapena malume ache.

Amene adziwa kuwerenga awerengere anzao mau awa madzulo pabwalo.